Kabotolo ka Jennipher

Ntchito yanga ndi yonyamula mikodzo ya anthu. Sekani, palibe kanthu, ngakhale amalume anga anaseka tsiku limene ndinawauza. Dzina langa ndine Vitalis. Ndili ndi njinga yamoto, ndipo kumbuyo kwake ndimamangako bokosi la ayisi. Lachiwili lililonse ndimanyamuka ku Nyimba, ndimazungulila makiliniki a ku Luembe kutolela magazi, makhololo ndi mikodzo, kenako ndimagwila msewu waukulu mpaka ku labu ya ku Petauke kumene kuli makina oyezela. Lachisanu ndimakatenga zotsatila zake mu envulopu yomata n'kuzibwezela kumene zinachokela. Ndagwila ntchitoyi zaka zitatu, ndipo sindinatayepo dontho la munthu aliyense, kupatula kamodzi kokha.

Mkazi wanga ndi Jennipher. Panthawi imene ndikunenayi tinali titakhala m'banja zaka zisanu popanda mwana. Anzanga onse amaitanidwa atate a uje, ine ndinali Vitalis basi. Amayi anga, amene nyumba yawo ili kuseli kwa yathu, anali atasiya kulankhula mozungulila, tsopano amangonena poyela kuti mkazi ameneyu akungotha chakudya. Ine mawu amenewo sindimawakonda, chifukwa Jennipher ndimamufuna. Koma nsanje ndili nayo, sindikana. Akaseka ndi kondakitala wa basi, ine tsiku limenelo chakudya sichitsika.

Ndiye pali munthu uyu, Kelly Kapembwa, woyeza za mu labu ku Petauke, Mbemba amene boma linamutumiza kuno. Ndisanamukwatile, Jennipher amathandiza mkulu wake kuphika pa lesitilanti pafupi ndi chipatala, ndipo Kelly amadya pamenepo tsiku ndi tsiku. Anamufunsila, iye anakana. Ndi mmene anandiuzila Jennipher mwini wake, ine sindinalipo. Mpaka lelo Kelly sanakwatile. Jekete yoyela, manja ofewa ngati a mwana wasukulu, kafungo ka mafuta odula, pamene ine ndikufika ndi fumbi la ku Luembe mpaka m'makutu. Ndipo Lachiwili lililonse, akamalandila bokosi, amandifunsa kuti a Jenni ali bwanji. A Jenni! Ine mwamuna wake ndimatchula dzina lonse, iye ndani kuti alidule?

Mwezi wa Meyi Jennipher anapita kwawo ku Luembe kukathandiza amayi ake kukumba nshawa. Anati akakhalako masabata awili. Lachiwili la sabata yachiwili ndinafika pa kiliniki ya kufupi ndi mudzi wawo cha m'ma naini koloko. Nesi wa pamenepo, amai Mubiana, Mlozi wamtali wosakonda macheza, anali atalongedza kale timabotolo m'timapulasitiki take. Anandipatsa pepala la mndandanda kuti ndisaine. Nthawi zonse ndimangowelenga kuti mabotolo ndi angati, maina sindiyang'ana. Koma dzina la mkazi wako limakudumphila lokha m'maso. Mzele wachinayi panali Jennipher, zaka makumi awili ndi zisanu ndi zitatu, ndi mudzi wawo womwewo.

Ndinasuzumila m'bokosi. Kabotolo kake kanali ka chivindikilo chachikasu. Ine sindine dokotala, koma zaka zitatu zinandiphunzitsa kuti zachikasu zimapita ku makina oyeza chinzonono ndi mnzake uja amamutcha kalamidiya, matenda otengela pogonana. Ndinasaina pamzele wolakwika, amai Mubiana anandilozela pena ndi chala. Kaya amadziwa kuti ndine mwamuna wake, kaya samadziwa, nkhope ya mzimayi uja suiwelenga.

Mudzi wa apongozi anga unali pafupi, mphindi zisanu pa njinga. Sindinapiteko. Ndinadziuza kuti ayisi sadikila munthu, koma zoona zake ndimaopa zimene ndikanachita nditamuona. Ndinaliza njinga n'kulowa m'fumbi.

Njila ya ku Luembe ndi yaitali kwa munthu amene mutu wake ukuwila. Mkazi wabwinobwino, wopanda kudandaula kalikonse kunyumba, akayezetsa matenda amenewa chifukwa chiyani? Ndipo chifukwa chiyani kutali, kwawo, osati ku Nyimba kumene ine ndikanamupelekeza? Ndinayamba kuwelenga amuna a m'mudzi muja mmodzimmodzi. Mphunzitsi wa pa sukulu yapulayimale, wogula nshawa amene amabwela ndi sikelo, ngakhale katekisiti wokalamba uja ndinamuika m'gulu. Ndinatsala pang'ono kugunda mbuzi pa mlatho.

Nditafika pa msewu wa tala ndi pamene ganizo loipitsitsa linandigwila. Kabotolo aka ndikukapeleka kwa ndani? Kwa Kelly. Ine mwamuna, ndi njinga yanga, ndi petulo wa boma, ndikunyamula mkodzo wa mkazi wanga kukauika m'manja mwa munthu amene amamufuna. Iye adzawelenga dzina, adzatsegula chivindikilo, adzadziwa za m'thupi mwa Jennipher ine ndisanadziwe. Akapeza matenda, adzandiyang'ana Lachisanu ndi chifundo chabodza chija, mumtima akuseka. Nanga ngati mwini matendawo ndi iyeyo? Jennipher amapita ku Petauke kukaona mkulu wake mwezi uliwonse, ine sindimutsatila. Ndiponso tinene zoona, ndine Mkatolika wobatizidwa, koma ndinakulila kuno. Tonse timadziwa kuti mwamuna akapeza tsitsi, kansalu kapena mkodzo wa mkazi, ali ndi kumene angapite nazo kuti mtima wa mkaziyo utembenuke. Masiku ena ndimaseka zimenezi. Tsiku limenelo sindinaseke.

Nditadutsa mphambano ya ku Minga ndinapatuka n'kuima kuseli kwa zitsamba. Ndinatsegula bokosi, chinthu choletsedwa pa ntchito yanga. M'chikwama ndinali ndi timabotolo tatsopano totsala pa timene ndimagawa m'makiliniki. Ndinamatula bwinobwino kapepala ka dzina pa kabotolo ka Jennipher n'kukamata pa katsopano. Malamulo ake ndimawadziwa, ndimamva manesi akuuza odwala: mkodzo woyamba kutuluka, pang'ono chabe, ndipo munthu akhale atatha maola awili osakodza. Ine ndinali ndisanakodze chichokele kunyumba. Ndinadzaza mpaka pamzele, ndinatseka mwamphamvu, ndinaika pa ayisi. Wa Jennipher ndinaukhuthulila m'udzu, kabotolo ndinakaponya patali.

Ndinanyamuka pamenepo mtima uli myaa. Ndinati Kelly anunkhize wanga. Ine palibe chimandiwawa, sinditentheka pokodza, thupi langa ndi la njinga, lolimba. Pepala lidzatuluka loyela, Kelly sadzadziwa kalikonse, ndipo nkhani ya Jennipher ndidzaifunsa ndekha m'nyumba mwanga, chitseko chotseka. Ndinadziona wochenjela kwambili, mwandi.

Ku labu Kelly analandila bokosi n'kuyamba kufananiza mabotolo ndi mndandanda. Ndinamuyang'anitsitsa atafika pa mzele wachinayi. Sanagwedezeke, anangochonga n'kupitilila. Koma tsiku limenelo sanafunse za a Jenni, ndipo kusafunsako kunandipsetsa mtima kuposa kufunsa. Kuti ndimuyese, ndinafunsa ngati wongocheza kuti makina amenewa amaona chiyani mumkodzo. Anandifotokozela mwaulemu, mmene amachitila nthawi zonse, kuti makinawo amasaka zizindikilo za tizilombo teniteni ta matendawo, ndipo ngakhale titakhala tochepa amatipeza. Anatinso kalamidiya ndi matenda achinsinsi, munthu angathe kukhala nawo chaka chathunthu osamva kalikonse. Ine ndinangoti ehe, mumtima ndikuti lankhula, mphunzitsi, lelo wagwila zanga.

Lachisanu ndinatenga envulopu, ndinaipeleka kwa amai Mubiana osaiganizila n'komwe. Lolemba masana ndikutsuka njinga pakhomo, ndinaona Jennipher akutsika pa njinga yakabaza, thumba la nshawa kumbuyo. Sanandipatse moni wanthawi zonse. Analowa m'nyumba, ine ndinamutsatila. Anatulutsa m'chitenje kapaketi ka mapilitsi kotsegula kale ndi kapepala kakang'ono, n'kuziika patebulo.

"Kapepala aka ndi kanu. Amai Mubiana akuti mupite nako ku kiliniki iliyonse mukalandile mankhwala. Andipeza ndi kalamidiya."

Ndinakhala pampando. Andipeza! Anapeza ndani? Mkodzo uja unali wanga, wotuluka m'thupi langa kuseli kwa zitsamba za ku Minga. Pomwepo ndinakumbukila Rita. Chaka chatha mu Okutobala njinga inandifela ku Petauke, ndinagonako masiku atatu kudikila chitsulo chake, ndipo Rita, wogulitsa maunitsi pafupi ndi galaja, anandisunga. Ndinabwelelako kawili, kenako ndinaiwala, mmene amuna timaiwalila. Sindinaganizepo za iye ngakhale pamene ndimamata kapepala kaja.

Jennipher anaima chilili n'kundiuza zonse mofatsa. Anati anapita kwa amai Mubiana chifukwa cha mwana. Azakhali ake anamuuza kuti nesi ameneyu amamvetsela akazi osabeleka, ndipo nesiyo anati asanamutumize kwa madokotala aakulu, ayambe ayeza matenda amene amatseka njila ya mimba mwakachetechete. Jennipher anati sanandiuze chifukwa anatopa kundipatsa chiyembekezo chosapita kulikonse. Kenako anandiyang'ana m'maso.

"Ine sindinadziwepo mwamuna wina koma inu, a Vitalis. Ndiuzeni kumene zachokela."

Apa ndi pamene munthu wanzelu akanagwada. Ine ayi. Nsanje ndi chilombo, imapeza pobisala ngakhale pamene palibe. Mutu wanga unandiuza kuti inde matenda ndili nawo, koma ndani wanena kuti ndi a Rita? Mwina anandipatsa ndi Jennipher yemweyu. Mwina mkodzo wake uja nawonso unali nawo. Ndipo sindikanadziwanso, chifukwa ndinautaya ndekha. Kusadziwako kunandipengetsa. Ndinamenya tebulo, ndinakuwa kuti pepala lili ndi dzina lake osati langa, andiuze ngati ndi mphunzitsi kapena ndi Kelly wake uja. Ndimadziwa kuti ndikunama, koma mkwiyo unali weniweni, ndipo pokuwa ndinayamba kukhulupilila ndekha.

Amayi anga amapeta chimanga kuseli, anamva zonse. Dzuwa lisanalowe anali atauza azilongo anga, ndipo pofika Lachitatu akazi a pa chitsime amasiya kulankhula Jennipher akafika. Amayi anati zaka zisanu zonsezi amadziwa kuti pali chifukwa. Anatumiza mawu ku Luembe kuti ankhoswe abwele. Ine ndinapita kukalandila mankhwala anga pa kiliniki ina yakutali kumene sandidziwa, ndimamwela m'njila. Kunyumba ndimayenda ngati wolakwilidwa. Jennipher amaphika, amachapa, amamwa mapilitsi ake pa nthawi yake, koma anasamukila pamphasa m'chipinda chochezela.

Lamlungu titatuluka ku tchalitchi, tinakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu. Kuchikazi kunabwela amalume ake, a Fabian, bambo wofatsa wolima thonje, atavala jekete yawo ya ukwati. Amayi analankhula nthawi yaitali. Anati mwana wawo ndi wathanzi, aliyense akumuona, ndipo makina a boma sanama. A Fabian anamvetsela mutu uli pansi, kenako anafunsa ngati sizingatheke kuti awiliwa ayezedwenso limodzi, zidziwike bwino. Jennipher anayankha yekha kuti anafunsa kale kwa amai Mubiana, ndipo anamuuza kuti munthu akayamba mankhwala, kuyezanso sikunenanso za kale. Amayi anaomba m'manja n'kunena kuti ndiye chifukwa chake anathamangila kumwa. Pamenepo a Fabian anatembenukila kwa ine.

"Apongozi, inu simunalankhule. Pali chimene mukudziwa chimene ife sitikudziwa?"

Onse anandiyang'ana. Jennipher nayenso anandiyang'ana, ndipo m'maso mwake munalibe mkwiyo, munali kudikila. Ndinaganiza za ntchito yanga, chifukwa wotsegula bokosi amachotsedwa tsiku lomwelo. Ndinaganiza za amayi, za Rita, za Kelly atamva kuti ndinamutumizila mkodzo wanga chifukwa cha mantha. Ndinayankha kuti ndilibe mawu. A Fabian anapukuta nkhope ndi kansalu, anapepesa m'malo mwa mwana wa mlongo wawo, bambo wamkulu ngati uja kupepesa kwa ine, ndipo anati nkhaniyi adzaikambanso akakolola. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwile.

Alendo atapita ndinamupeza Jennipher kuseli kwa nyumba akutsuka makapu. Ndinakhala pa njelwa pafupi naye. Ndinaganiza kuti ndikamuuza ali yekha, zithela pomwepo, iye adziwa kuti ndamukhulupilila, anthu adzaiwala okha. Ndinayamba ndi Rita, chifukwa ndinaona ngati ndiye nkhani yolemela. Sanasiye kutsuka, anangoti zimenezo anazidziwa tsiku limene anamuuza zotsatila, chimene samadziwa linali dzina chabe. Ndiye ndinamuuza za ku Minga. Ndinafotokoza zonse, kapepala, kabotolo katsopano, Kelly, mankhwala achikondi. Ndikulankhula ndimamva ndekha kupusa kwake. Anaika kapu pansi.

"Ndiye mkodzo umene anayeza ndi wanu?"

Ndinavomela.

"Nanga wanga uli kuti?"

Ndinati ndinaukhuthula m'udzu.

Anabwezela manja m'madzi. Atalankhula, mawu ake anali otsika, moti ndinachita kusendela.

"Ndimadziwa kuti ndinu mudzanyamule. Amai Mubiana anandifunsa ngati ndikufuna autumize ndi galimoto ya chipatala sabata inayo. Ndinakana. Ndinati bola upite m'manja mwa mwamuna wanga. Mwina ndinali nawo matendawo, mwina ndinalibe, sindidzadziwa. Koma mboni yanga inali imodzi yokha, a Vitalis, ndipo munaitaya m'udzu. Kenako lelo munakhala pansi pa mtengo uja n'kuwasiya amalume anga akupepesa."

Ndinamuuza kuti ndipita ku Luembe kukaulula kwa a Fabian, ndiuza amayi, ndiuza aliyense. Anandifunsa kuti liti. Ndinati andipatse masiku ochepa ndione kaye za kuntchito. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe, n'kupitiliza kutsuka makapu.

M'mawa mwake ndinapeza atamanga katundu wake, chikwama chimodzi ndi beseni. Sanabise, sanathawe, anakatsanzika ngakhale kwa amayi, amene sanatuluke m'nyumba. Ndinati ndimupelekeze pa njinga mpaka pa siteshoni, anakana, ndiye ndinayenda pambuyo pake nditanyamula beseni. Ndimaganiza kuti akwela galimoto ya ku Luembe, kwa amayi ake, kumene ndikanamutsatila pakapita sabata ndi nkhuku m'manja. Koma anadutsa magalimoto a ku Luembe n'kukaima pa minibasi ya ku Petauke. Anati mkulu wake akufuna womuthandiza pa lesitilanti.

Lesitilanti ija, pafupi ndi chipatala. Ndinali ndi mawu ambili amene ndinakonza njila yonse, mawu opepesa, abwino ndithu, oti mwina akanamutsitsa m'basimo. Anakhala pawindo, kondakitala akumenya chitseko kuitana anthu omaliza. Ndinagwila windo ndi manja awili, ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi:

"Kodi Kelly akudziwa kuti ukubwela?"

Jennipher anandiyang'ana kamodzi, anachotsa zala zanga pa galasi chimodzichimodzi, n'kutseka windo.